Kompyuta ya magemu kuno ku Harare: ndalama ziyambire pa khadi ndi pa magetsi

Malangizo ambiri osankhira zida za kompyuta ya magemu amene mumawaona pa YouTube anakonzedwera anthu a kumayiko kumene magetsi sazimazima, komanso kumene chinthu chikafa amangochibweza kusitolo mawa lake. Mnyamata wa ku Mufakose, Highfield kapena Dzivarasekwa amene wasonkhanitsa madola ake kwa miyezi ingapo sali m'dziko limenelo. Iye amasewera pa inveta magetsi akapita, fumbi la mu Seputembala limalowa mpaka m'kabati, ndipo khadi ya zithunzi (graphics card) ikafa imene inabwera ndi runner, munthu wotumidwa kukagula katundu, kuchokera ku Johannesburg, kuibweza n'kovuta kuposa kugula ina. Ndiye tikamasankha zida, tisankhe ngati anthu okhala kuno.

Tikati kompyuta ya pakatikati tikunena makina oyendetsa magemu pa 1080p, zithunzi zili pa High, mafelemu (zithunzi zosinthana pa sikirini) osatsika pa 60 pa sekondi m'magemu olemera, ndipo m'magemu opepuka ngati Valorant, Counter-Strike 2 ndi Fortnite akufika 144. Za 4K ziiwaleni kaye. Pa madola 100 aliwonse amene mwasungira bokosi lenilenilo, ife timalangiza kuti pafupifupi 40 apite ku graphics card, 15 ku pulosesa, 12 ku motherboard (bodi imene zida zonse zimalumikizidwapo), 10 ku power supply (chida chogawa magetsi m'kompyuta), otsalawo agawikane pakati pa RAM, SSD ndi kesi. Kagawidwe kameneka kamasuntha pang'ono mitengo ikasintha, monga mmene RAM inakwerera kumapeto kwa 2025, koma zinthu ziwiri siziyenera kuchepetsedwa: khadi ndi power supply.

Khadi: musaone liwiro lokha, onaninso mawati

Gemu imayenda ndi khadi. Munthu amene wagula pulosesa ya pamwamba n'kutsala ndi ndalama za khadi yofooka wagula galimoto ya injini yaikulu yopanda matayala abwino. Pa 1080p, makhadi amene amabweza ndalama zanu ndi awa: RX 6600 ya 8GB imene imadya mawati 132, RX 7600 ya 8GB ya mawati 165, RTX 3060 ya 12GB ya mawati 170, ndi RTX 4060 ya 8GB imene imangodya mawati 115. Pamwamba pawo pali RX 6700 XT ya 12GB, khadi yamphamvu ndithu, koma imafuna mawati 230 ndi mawaya awiri a magetsi.

Manambala a mawatiwa kwina sawalabadira, koma kuno ndi ndalama zenizeni. Tiyeni tiwerenge. Kompyuta ya Ryzen 5 5600 ndi RX 6600, pamodzi ndi sikirini, imakoka mawati pafupifupi 250 gemu ikatentha. Batire ya lead ya 12V 100Ah imasunga 1,200Wh, koma mukafuna kuti ikhalitse musaimwe kupitirira theka, ndiye mwatsala ndi 600Wh, ndipo inveta nayo imadyapo yake. Mapeto ake ndi maola awiri okha a gemu. Mukaika RX 6700 XT pamalo pa RX 6600 mwawonjezera mawati pafupifupi 100, ndipo maola awiri aja atsika kufika pa ola limodzi ndi theka. Amene ali ndi batire ya lithium ya 25.6V 100Ah ali ndi 2,560Wh, zinthu zimapepuka, komabe batire imeneyo ndi ya banja lonse: firiji, magetsi a m'nyumba, rauta, ndi TV ya amayi. Pa chifukwa chimenechi, ngati mtengo wa RTX 4060 ndi wa RTX 3060 wayandikana, wokhala pa sola aganizire kwambiri 4060. Ndi yachangu pang'ono, ndipo imadya mawati ochepa ndi 55. Ubwino wa 3060 ndi memory yake ya 12GB, imene imathandiza m'magemu atsopano olemera ndiponso kwa amene amakonzanso mavidiyo.

Memory ya khadi isachepere 8GB. Apa pali misampha ya mayina imene imakola anthu ambiri. RTX 3060 ilipo ya mitundu iwiri, ya 12GB ndi ya 8GB, ndipo ya 8GB si kuti yangochepa memory ayi, njira yake yodutsa data ndi yopapatiza, choncho imachedwa. RTX 3050 nayo ilipo ya 8GB ndi ya 6GB, ya 6GB ndi yofookerapo. RX 6500 XT ili ndi 4GB yokha, imagwiritsa ntchito misewu inayi yokha ya PCIe (njira yolumikiza khadi ndi bodi), ndipo ilibe encoder yojambulira gemu yanu. Pa bodi yakale ya PCIe 3.0 imabanika. Ndiye pali RX 580 yolembedwa 2048SP, imene yadzaza pamsika ndi mayina a makampani osadziwika. Imeneyo si RX 580 yathunthu, mphamvu zake n'zofanana ndi RX 570, ndipo zambiri ndi tchipisi takale tomatidwa pa bodi yatsopano. Intel Arc B580 ya 12GB ndi yabwino pa mtengo wake, koma imafuna kuti muyatse chotchedwa Resizable BAR mu BIOS (pulogalamu ya m'bodi imene imayamba kompyuta ikangoyatsidwa), ndipo sigwirizana bwino ndi mapulosesa akale.

Makhadi a kaunjika tisawaope, chifukwa kumeneko n'kumene bajeti yochepa imapindula. Ndalama ya pa intaneti ya Ethereum itasiya kukumbidwa ndi makhadi mu Seputembala 2022, makhadi ambirimbiri amene ankagwira ntchito usana ndi usiku anakhuthulidwa pamsika, ndipo ena akuzungulirabe. Khadi yoteroyo ikhoza kukhala yabwinobwino, koma musapereke ndalama musanaione ikugwira ntchito. Pitani ndi flash muli mapulogalamu oyesera khadi: GPU-Z, HWiNFO ndi FurMark kapena Unigine Superposition. GPU-Z ikuuzani dzina lenileni la tchipisi ndi kukula kwa memory. Makhadi abodza, monga GTS 450 yakalekale yosinthidwa dzina kukhala GTX 1050 Ti, imawalemba kuti ndi abodza. Kenako yendetsani khadiyo mphindi 15 kapena 20 osapumira. Yang'anani timadontho, timizere kapena mitundu yachilendo pa sikirini, chifukwa zimenezo ndi memory imene ikufa. Mverani mafani ngati akukhula kapena kugwedera. Onani kutentha: khadi ikamasewera m'madigiri 70 mpaka 80 palibe vuto, koma ngati hotspot (malo otentha kwambiri pa tchipisi) yaposa kutentha wamba ndi madigiri 30, thermal paste yauma, ndipo mtengo utsike. Yesani poti iliyonse ya HDMI ndi DisplayPort. Wogulitsa amene akukana kuti muyese, akuti "ndili pa changu, ndikumane nanu pa siteji ya Copacabana", musiyeni apite ndi khadi yake. Bokosi lokongola lisakunamizeni. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Pulosesa ndi bodi

Apa nkhani ndi yaifupi. Ma core 6, ndiye kuti timainjini 6 ta m'kati mwa pulosesa, akukwana. Pa AMD, Ryzen 5 5600 ya soketi ya AM4 ili ndi ma core 6, ma thread 12, cache ya 32MB, imayenda pa mawati 65, ndipo ya m'bokosi imabwera ndi fani yake. Pa Intel, Core i5-12400F ya soketi ya LGA1700 ikufanana nayo. Tengani imene mwaipeza yotchipa pamodzi ndi bodi yake. Ndalama zikachepa kwambiri, Ryzen 5 3600 ya kaunjika kapena Core i3-12100F zimayendetsa RX 6600 mosadandaulitsa.

Ryzen 5 5500 ndi 5600G zimamveka ngati abale ake a 5600, koma cache yawo ndi 16MB yokha ndipo zimathera pa PCIe 3.0. Ubwino wa 5600G ndi umodzi: imatha kutulutsa zithunzi payokha, ndiye munthu akhoza kuyamba nayo popanda khadi n'kumasewera magemu opepuka uku akusonkhanitsa ndalama. Koma 5600 ndi 12400F zilibe zimenezo. Popanda khadi sikirini ikhala yakuda, ngakhale bodi ili ndi poti ya HDMI.

Soketi yatsopano ya AMD ya AM5, monga Ryzen 5 7600 pa bodi ya B650, ndi msewu wokhala ndi tsogolo, koma imalola DDR5 yokha, ndipo bodi ndi RAM zikakwera mtengo ndalamazo zimachoka ku khadi. Ngati kusankha AM5 kukutsitsani kuchoka pa RTX 4060 kupita pa RTX 3050, mwaluza.

Bodi ya B550 ya mATX ndiyo yoyenera 5600, chifukwa ili ndi PCIe 4.0. B450 imagwiranso ntchito, koma zambiri zimafuna BIOS yatsopano kuti zizindikire Ryzen 5000. Ikakhala ndi BIOS yakale, mafani amazungulira koma palibe chotuluka pa sikirini, munthu n'kumaganiza kuti wagulitsidwa pulosesa yakufa. Funsani wogulitsa aikiretu BIOS yatsopano inu mukuona, kapena sankhani bodi yokhala ndi batani la BIOS Flashback. Ndipo chonde, musasinthe BIOS pa magetsi a mu khoma opanda UPS (kabokosi ka batire kolandira magetsi akazima) kapena inveta. Akazima pakati pa ntchitoyo, bodi ikhoza osadzukanso. Ku Intel, mabodi a B660 ndi B760 alipo a DDR4 ndi a DDR5, ndipo RAM ya mtundu wina silowa mwa unzake. Werengani dzina lonse la bodi musanagule RAM. Pa bodi ya Intel ya kaunjika, unikani soketi ndi tochi ya foni, chifukwa mapini ali m'soketimo ndipo limodzi likapindika ndi mavuto. Pa AM4 mapini ali pa pulosesa.

RAM ikhale 16GB, timitengo tiwiri ta 8GB, DDR4-3200 CL16 kapena 3600. Kamtengo kamodzi ka 16GB kamayenda pa njira imodzi m'malo mwa ziwiri, ndipo zotsatira zake ndi gemu yodukizadukiza pamene nkhondo yakula. Pa bodi ya mipata inayi, ikani mu mpata wachiwiri ndi wachinayi kuwerenga kuchokera ku pulosesa. Mukayatsa koyamba lowani mu BIOS muyatse XMP, imene mabodi ena a AMD amaitcha DOCP. Mukapanda kutero RAM imene mwalipira ya 3200 iziyenda pa liwiro lotsika ngati 2133 kapena 2400 moyo wake wonse. RAM ya laputopu ndi yaifupi, silowa.

SSD ikhale NVMe ya 1TB. Magemu a masiku ano ndi aakulu: Red Dead Redemption 2 imafuna malo okwana 150GB, ndipo 512GB imadzaza ndi magemu atatu kapena anayi. Gen 3 imene imawerenga pafupifupi 3,500MB pa sekondi ikukwana, kusiyana kwake ndi Gen 4 simungakuone m'gemu. Chenjerani ndi ma SSD opanda dzina olembedwa 2TB pa mtengo wa 256GB, chifukwa amanama kukula kwawo ndipo mafayilo amayamba kuonongeka akadzaza malo enieniwo. Pulogalamu ya H2testw imawaulula. Ya kaunjika iyeseni ndi CrystalDiskInfo muone maola amene yagwira ntchito ndi thanzi lake. Hard drive yakale musaitaye. Poti data kuno ndi yodula, sungiranimo magemu amene mwatsitsa kale, Steam imalola kuwasamutsa osatsitsanso.

Power supply, UPS ndi mphezi

Pano ndi pamene timapempha kuti mutimvere, ngakhale zina zonse mutazikana. Power supply yotchipa, yopepuka m'manja ngati chitini chopanda kanthu, yolembedwa 650W koma yobwera yaulere m'kati mwa kesi, ndiyo imapha makompyuta. Nambala ya pa chikwangwani si imene imatuluka. Yang'anani pa mzere wa +12V, chifukwa khadi ndi pulosesa zimadya pamenepo: mukapeza 12V ndi 20A, ndiye kuti ndi mawati 240 basi, kaya pamwamba alemba chiyani. Yabwino ya 550W imapereka pafupifupi mawati onsewo pa 12V. Choopsa china n'chakuti zotchipazi nthawi zambiri zilibe zotetezera zokwanira, ndiye magetsi akabwera ndi mphamvu atazima tsiku lonse, imafa n'kutenga bodi ndi khadi.

Gulani yatsopano, ya kampani yodziwika monga Corsair, Seasonic, Cooler Master, MSI kapena be quiet!, ya 80 Plus Bronze kupita m'mwamba, yokhala ndi waranti yolembedwa. Pa RX 6600, RX 7600, RTX 3060 ndi RTX 4060, 550W ikukwana. Pa RX 6700 XT tengani 650W. Ikhale ndi waya wakewake wa mapini 8 wopita ku khadi. Tima adaputala tosintha waya wa SATA kukhala wa khadi ndi moto woyembekezera tsiku: pulagi ya SATA inapangidwira mawati pafupifupi 54, pomwe ya mapini 8 imanyamula 150. Kapulasitiki kamasungunuka. Komanso mawaya ochotseka a power supply ina musawalowetse mu ina, ngakhale akukwana bwinobwino, chifukwa kalumikizidwe ka m'kati kamasiyana ndipo SSD imapsa nthawi yomweyo.

UPS ntchito yake si kukupatsani maola a gemu. Ndi yokupatsani mphindi zochepa zoti musunge ndi kuzimitsa bwino, kapena kudutsa kamphindi kamene inveta kapena jenereta ikulandira katundu. VA, nambala yolembedwa pa UPS, si mawati: ka UPS ka 650VA kamanyamula mawati pafupifupi 360 mpaka 390, ndipo batire yake ya 12V 7Ah ndi 84Wh yokha. Pa kompyuta ngati imeneyi yambirani pa 1000VA, ndipo ikhale ya line-interactive yokhala ndi AVR kuti izikonza magetsi akatsika kapena kukwera. Ma power supply amakono okhala ndi active PFC ena sagwirizana ndi magetsi a modified sine wave, amene ma UPS ndi mainveta ena amatulutsa. Amalira, kapena kompyuta imangozima pa nthawi imene UPS ikulandira. Inveta ya pure sine wave ndiyo yoyenera. Amene ali kale ndi sola ya 3kVA kapena 5kVA kunyumba aonetsetse kuti inveta ili pa mode ya UPS, imene imasintha mofulumira.

Mvula ikayamba mu Novembala, mphezi za ku Harare si zamasewera. Surge protector imathandiza pa tizigwedezo tating'ono, koma mphezi ikagwa pafupi palibe chimene chimaletsa kupatula kuzula pulagi. Zulaninso waya wa netiweki wochokera ku rauta ngati intaneti yanu imabwera pa waya wa kopa kapena mlongoti wa padenga, chifukwa mphezi imalowera kumenekonso. Ndipo nyumba zina, makamaka tizipinda towonjezera kuseri, soketi zake zilibe earth. Kesi ikamakugwirani ndi magetsi pang'ono mukaikhudza, itanani wamagetsi musanapitirire.

Njira imodzi yaulere yopulumutsira batire: ikani malire a mafelemu. Ngati sikirini yanu ndi ya 60Hz kapena 75Hz, khadi yotulutsa mafelemu 200 ikungowotcha magetsi. Mu AMD Adrenalin kapena MSI Afterburner mukhozanso kutsitsa power limit pang'ono, liwiro limatsika mosaoneka koma kutentha ndi mawati zimatsika moonekeratu.

Kesi isadye ndalama zambiri. Ikhale ndi maukonde kutsogolo olowetsa mpweya, mafani awiri kutsogolo ndi imodzi kumbuyo, ndi sefa ya fumbi yochotseka. Ya galasi mbali zonse imaoneka bwino pa chithunzi koma mu Okutobala imasanduka uvuni. Mafani olowetsa akachuluka kuposa otulutsa, fumbi sililowera m'ming'alu. Bokosi likhale pa tebulo, osati pansi, ndipo m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala muzitsuka sefa masabata awiri aliwonse. Popemerera fumbi gwirani fani ndi chala isazungulire. Yezani kutalika kwa khadi ndi malo a m'kesi musanagule. Magetsi a RGB sawonjezera felemu ngakhale imodzi.

Pali njira ina imene imakopa ambiri m'tauni muno: kugula Dell OptiPlex kapena HP ya mu ofesi, ya ex-UK (ya kaunjika yochokera ku UK), n'kuikamo khadi. Imatheka, koma ili ndi malire. Power supply zake ndi zazing'ono, mapulagi ake ndi a kampaniyo yokha, ndipo zambiri zilibe waya wa khadi. Mwatsala ndi makhadi odya pa siloti pokha, imene imapereka mawati 75, monga GTX 1650 kapena RTX 3050 ya 6GB, ndipo pa kesi yopyapyala ikhale ya low profile, yaifupi msinkhu. Onaninso m'badwo wa pulosesa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Core i7 ya m'badwo wa 4 ndi makina a zaka zoposa khumi, dzina la i7 lisakukopeni.

Sikirini ya mainchesi 24, 1080p, IPS, ya 144Hz kapena 165Hz ndiyo ikugwirizana ndi makhadi tatchulawa. Mukailumikiza lowani mu Advanced display ya Windows musankhe 144Hz nokha, chifukwa kawirikawiri imayamba pa 60.

Za kogula. M'mashopu a m'tauni, kuzungulira Gulf Complex ndi Eastgate, komanso pa Facebook Marketplace, mitengo imasiyana kwambiri, ndiye yendani mashopu atatu musanatulutse chikwama. Pa lisiti palembedwe dzina lonse la chinthu, serial number ndi miyezi ya waranti. Zobwera ndi runner kudzera pa chipata cha Beitbridge zikhoza kutchipa, koma werengerani ndalama ya runner ndi msonkho wa ZIMRA, bungwe la misonkho la Zimbabwe, ndipo dziwani kuti waranti yake ili ku South Africa. Ife timaona kuti pulosesa ndi RAM, zimene sizifa kawirikawiri, zikhoza kuchokera kulikonse, ngakhale za kaunjika. Power supply ndi bodi zigulidwe kumene mungathe kubwererako ndi kombi. Mndandanda wanu uikeni pa webusaiti ya PCPartPicker kuti ikuuzeni ngati zida zikugwirizana, mitengo yake musaitengere. Ndipo musagule china lero china mawa kwa miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa bodi imene yakhala m'kabati osayesedwa waranti yake imatha musanadziwe ngati ili moyo. Sungani ndalama, mugule zonse m'sabata imodzi kapena ziwiri.

Tsiku lomanga, yambani kunja kwa kesi. Ikani bodi pa katoni yake, muikepo pulosesa, fani, RAM ndi khadi, mulumikize power supply, muyatse. Ikaonetsa BIOS ndiye muziika m'kesi. Ikakana, zifukwa zake n'zodziwika: RAM sinakhale mpaka kulira "kha", waya wa mapini 8 wa pulosesa pakona ya pamwamba waiwalika, waya wa sikirini walowa pa bodi m'malo mwa pa khadi, kapena swichi ya kuseri kwa power supply ili pa O. Pulosesa ikafika madigiri 90 musanatsegule n'komwe gemu, chotsani fani muone ngati kapulasitiki ka pansi pake kanamatulidwa. Pochotsa fani pa AM4, yatsani kompyuta kaye itenthe pang'ono, kenako potozani fani uku ndi uku musanakoke, apo ayi pulosesa imatuluka itamatirira ndipo mapini amapindika. M'kesi, timiyendo tachitsulo tokhalira bodi tikhale pamene pali mabowo a bodi pokha. Kamodzi kotsalira pakati kamagunda pansi pa bodi n'kuyambitsa short. Zonse zikayenda, siyani MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, igwire ntchito usiku umodzi pa inveta, masiku obwezera katundu kusitolo asanathe.